Mankhwala Otsala ku America: Lamulo Likalola, Amanyamula Ndani?

M'nyumba zambiri zosungiramo okalamba ku America mankhwala sabwera m'mabotolo, amabwera pa makadi. Khadi lake ndi kachikatoni kolimba kokhala ndi timatumba ta pulasitiki pafupifupi 30, kathumba kalikonse piritsi limodzi, kumbuyo atamatako kapepala konyezimira komwe namwino amaboola ndi chala ikakwana nthawi yomwetsa wodwala. Pamwamba amalembapo dzina la mwini wake, dzina la mankhwala, mlingo ndi tsiku lomwe adzathe mphamvu. Gogo mmodzi amatha kukhala ndi makadi angapo: la BP, la shuga, la mtima, lina loletsa magazi kuundana.

Ndiye zichitike kuti gogoyo watisiya mwezi utangoyamba kumene. Kapena dokotala wasintha mlingo, kapena mankhwalawo sakumuyanja, kapena ana ake abwera kudzamutenga. Makadi aja amatsala ali odzaza, popanda chala chomwe chakhudza piritsi ngakhale limodzi. Kwa zaka zambiri, ndipo m'malo ochuluka mpaka lero, chotsatira chimakhala ichi: anamwino amakhala pansi, wina kuchitira mnzake umboni, n'kumaboola timatumba tija kamodzikamodzi, mapiritsi n'kumagwera m'chidebe. Akatero amakawakhuthulira m'chimbudzi kapena kuwapereka ku kampani yotentha zinyalala za chipatala, yomwe nayonso imafuna malipiro. Mu 2015 bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA lidayerekeza kuti nyumba zoterezi zimataya mankhwala okwana matani 740 chaka chilichonse, ndipo mtolankhani Marshall Allen wa ProPublica adaifukula bwino nkhaniyi mu 2017.

M'dziko lomwelo muli anthu omwe amadula piritsi pakati kuti lifike mawa. Kafukufuku wa bungwe la boma la zaumoyo la CDC adapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 9.2 miliyoni a zaka 18 mpaka 64 sadamwe mankhwala awo monga adawauzira dokotala chifukwa cha mtengo: ena ankadumphitsa masiku, ena ankachepetsa mlingo, ena ankachedwa kukagula. Pakati pa omwe alibe inshuwalansi, otere adali pafupifupi 23 pa anthu 100 aliwonse. Aliyense woona mbali ziwirizi amafunsa funso limodzi: bwanji osangotenga otsalawo n'kupatsa osowawo? Zigawo zoposa 40 mwa zigawo 50 za dzikolo zidayankha kale pokhazikitsa malamulo olola zimenezi. Koma ukaunika bwino umapeza kuti lamulo lololalo ndi kachigawo kochepa chabe ka ntchito yonse. Komwe zinthu zayenda, zayenda chifukwa wina adaika ndalama zolipirira katswiri wa mankhwala, chipinda chosungira ndi bokosi lotumizira. Komwe aphungu adangokweza manja n'kubwerera kwawo, mapiritsi akuotchedwabe.

Tiyambe ndi chomwe chidatsitsa dzaye kuti kupereka mankhwala otsala kukhale koletsedwa. Si nkhanza ayi. Piritsi likachoka pa kauntala ya famase palibe amene angalumbire kuti lidasungidwa pati: kaya m'galimoto yomwe idakhala padzuwa tsiku lonse, kaya m'bafa mwa chinyontho, kaya lidasakanizidwa ndi ena m'botolo limodzi. N'chifukwa chake bungwe la boma loona za mankhwala la FDA lidalemba mu 1980 langizo lakuti wa famase asabwezere pa shelefu mankhwala omwe adachoka kale m'manja mwake. Patangopita zaka ziwiri, mu 1982, anthu 7 adafa m'dera la Chicago atamwa makapisozi a Tylenol omwe munthu wina adathiramo poizoni wa cyanide n'kuwabwezera m'masitolo. Kuchokera pamenepo mankhwala ogulitsidwa m'masitolo adayamba kumatidwa mwa njira yoti wina akatsegula zizioneka. Mantha a nthawi imeneyo adakhazikika m'mitima ya akatswiri a mankhwala, ndipo ndi mantha oyenera kuwalemekeza. Chosangalatsa n'chakuti chomatira choterechi ndi chomwenso chidatsegula khomo, pakuti khadi losaboola limadzichitira lokha umboni kuti silidakhudzidwe.

Ku America ntchito ya mafamase imayang'aniridwa ndi chigawo chilichonse pachokha, kudzera mu bungwe lake loona za mafamase, choncho nkhondoyi idayenera kumenyedwa nyumba ya malamulo imodziimodzi. Georgia ndiyo idayamba mu 1997. Koma nkhani yomwe idakhudza anthu ambiri ndi ya ku Ohio. Mayi Karon Beltz adamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1999, n'kusiya mankhwala osatsegula a ndalama pafupifupi $6,700. Amuna awo, a Garry Beltz, adafuna kuti mankhwalawo athandize odwala ena, koma adauzidwa kuti lamulo silikulola, atayidwe basi. Bamboyu sadagwe mphwayi. Adakhala akugogoda pa zitseko za aphungu mpaka lamulo lomwe anthu amalitcha dzina la akazi awo, Karon's Law, lidayamba kugwira ntchito mu 2003. M'zaka zotsatira zigawo zina zidatengera, zina kulemba lamulo la mankhwala onse, zina la mankhwala a khansa okha.

Malamulowa amasiyana mawu koma msana wake ndi umodzi. Mankhwala ayenera kukhala m'chomatira chake choyambirira chosatsegula, kapena pa khadi lomwe timatumba take sitidabooledwe. Asakhale otha mphamvu, ndipo zigawo zambiri zimafuna kuti pakhale patatsala miyezi ingapo, kawirikawiri 6, tsiku lolembedwalo lisanafike. Katswiri wa mankhwala ayenera kuwaunika asanawapereke kwa wina. Wolandira ayenera kukhala ndi kalata ya dokotala yomulembera mankhwala omwewo, ndipo nthawi zambiri amasainira kuti akudziwa kuti ndi operekedwa. Kugulitsa n'koletsedwa, chomwe chimaloledwa ndi kandalama kochepa kolipirira ntchito yowasamala. Ndipo pamakhala ndime yoteteza wopereka, wa famase ndi kampani yopanga kuti asazengedwe mlandu ngati adachita zonse mokhulupirika. Ndime imeneyi ndi yofunika kuposa momwe imaonekera. M'dziko lomwe kusumirana kuli ponseponse, palibe mkulu wa nyumba ya okalamba amene angatulutse bokosi la mankhwala pakhomo ngati loya wake sadamutsimikizire kuti sadzaitanidwa ku khoti.

Kusiyana kwakukulu kuli pa funso la amene aloledwa kupereka. Zigawo zina zimangolandira kuchokera ku malo komwe mankhwala adali m'manja mwa ogwira ntchito za chipatala kuyambira pachiyambi: nyumba za okalamba, zipatala, mafamase, makampani ogulitsa pikulitsa. Zina, monga Iowa ndi Wyoming, zimalandiranso kuchokera kwa munthu wamba bola chomatira chikhale chosatsegula. Ku Ohio komweko, kwawo kwa lamulo la Karon, padatenga zaka zoposa 15 kuti odwala khansa aloledwe kubweza mapiritsi omwe adali nawo kunyumba. Mpata umenewu udatseguka mu 2019, ndipo chipatala cha khansa cha James ku Columbus chidayamba kuwalandira kumayambiriro kwa 2020.

Tsopano tifike pomwe pagona nkhani. Bungwe la NCSL, lomwe limatsata ntchito za nyumba za malamulo za m'zigawo, lidawerenga mu 2018 kuti zigawo 38 zidali ndi malamulo otere koma zomwe zidali ndi pulogalamu yogwiradi ntchito zidali 21. Pofika 2023 malamulo adafika 44, mapulogalamu 28. Ndipo mwa 28 amenewo muli ena omwe ndi famase imodzi kapena ziwiri m'chigawo chonse. N'chifukwa chiyani lamulo labwino chonchi limangogona m'mabuku?

Yankho lake likupezeka ukatsata ndalama. Piritsi lomwe namwino akuponya m'chidebe lidalipiridwa kale, nthawi zambiri ndi inshuwalansi za boma za Medicare kapena Medicaid, kutanthauza misonkho ya anthu. Kampani yopanga idalandira zake. Famase yomwe idalongedza khadi idalandira zake. Nyumba ya okalamba siluza kanthu piritsilo likapsa. Mwa onse omwe aligwira palibe amene thumba lake limamva kuwawa, ndipo amene akuluza, wokhoma msonkho ndi wodwala wosauka, sali m'chipindamo. Pomwe kupereka kuli ndi mtengo wake: wina alembe mndandanda, wina afute maina a odwala, wina alongedze, wina atumize. Kumbali yolandira nako, famase yomwe yavomera iyenera kupeza shelefu yapadera, kusunga kaundula wapadera, ndi kupatula maola a katswiri wake kuti aunike mapiritsi omwe sadzapezapo phindu. Malamulo pafupifupi onse amati kulowa nawo n'kwa amene wafuna, ndipo ambiri adadutsa popanda ndalama iliyonse yoyendetsera. Aphungu amakonda malamulo otere chifukwa sadula, ndipo kusadulako ndiye matenda ake.

Iowa idachita mosiyana, ndipo ndi chitsanzo choyenera kuchiyang'ana pafupi. Pulogalamu yake idayamba mu 2007, ndipo boma la chigawocho lidaipereka m'manja mwa bungwe losachita malonda lomwe lero limatchedwa SafeNetRx, n'kumalipatsa ndalama chaka ndi chaka. M'malo moti famase iliyonse izidzivutikira yokha, mankhwala onse amapita ku nkhokwe imodzi kufupi ndi mzinda wa Des Moines. Wopereka salipira ndalama yotumizira. Makatoni akafika, antchito amawatsegula n'kuyamba kusankhula: lotha mphamvu uko, lotsegula uko, la gulu loletsedwa uko. Dzina la wodwala woyamba limachotsedwa. Katswiri amatenga khadi, amayang'ana mtundu wa piritsi, kaumbidwe kake ndi zilembo zodindidwa pamwamba pake, kuti atsimikize kuti zomwe zalembedwa kunja ndi zomwe zilidi mkati. Likapambana mayeso limalowa mu kompyuta, ndipo zipatala zothandiza osauka ndi mafamase m'chigawo chonse amaona zomwe zilipo n'kuitanitsa. Wolandira ndi munthu wa ku Iowa yemwe alibe inshuwalansi kapena yake siikwanira, ndipo ndalama zomwe amapeza sizipitirira kawiri mlingo womwe boma limati ndi wa umphawi.

Malinga ndi zomwe ProPublica idapeza, ntchito yonseyi inkadya ndalama pafupifupi $600,000 pa chaka, pomwe m'chaka cha 2016 idapulumutsa mankhwala a ndalama pafupifupi $3.4 miliyoni. M'zaka zake khumi zoyambirira idathandiza odwala oposa 70,000. Pa dola iliyonse yomwe boma lidaika, madola oposa asanu a mankhwala adabwerera kwa anthu, osawerengera omwe akadagonekedwa m'chipatala chifukwa chosowa piritsi la mtima. Sindikuona chifukwa chomveka choti chigawo china chikanire masamu amenewa.

Njira si imodzi. Wyoming, chigawo chachikulu malo koma cha anthu osakwana 600,000, ili ndi pulogalamu ya boma ku Cheyenne yomwe imatumiza mankhwala pa positi kwa odwala okhala kutali ndi tauni. Ku Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, kuyambira 2004 madokotala opuma pa ntchito ndi omwe amazungulira m'nyumba za okalamba ndi galimoto zawo kutolera mankhwala n'kukawatula ku famase ya boma la deralo. Ku California lamulo lidadutsa mu 2005 koma lidasiyira boma lililonse laling'ono kuti lisankhe lokha, ndipo ochepa kwambiri ndi omwe adasuntha; Santa Clara ndiyo idafika potsegula famase ya mankhwala operekedwa okhaokha mumzinda wa San Jose. Ku California n'komwenso kudabadwira bungwe la SIRUM, lomwe adaliyambitsa achinyamata a pa yunivesite ya Stanford, Adam Kircher, Kiah Williams ndi George Wang. Iwo adaona kuti chotchinga si mtima wa anthu koma chintchito, ndiye adachipeputsa: nyumba ya okalamba imapatsidwa bokosi, imaponyamo zotsala, ndipo bungwelo limasamala zolembalemba ndi zotumiza. Georgia itakonzanso lamulo lake mu 2016, kudatsegulidwa famase ya Good Pill, yomwe imatumiza mankhwala kunyumba, ambiri mwa iwo pa mtengo wa $6 okwanira masiku 90. M'malo onsewa chofanana n'chimodzi: pali munthu wodziwika dzina yemwe ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kunyamula, kusankhula ndi kutumiza.

Mankhwala a khansa ali ndi nkhani yawoyawo. Mapiritsi ambiri atsopano a khansa amadula kuposa $10,000 pa mwezi, ndipo ndi omwe amatsala kawirikawiri, chifukwa dokotala amasintha mlingo thupi likalephera kupirira, kapena matenda amapitirira n'kufunika mankhwala ena, kapena wodwala amamwalira. Botolo limodzi losatsegula likhoza kukhala mtengo wa galimoto. Ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee, pulogalamu ya RemediChain imalandira mapiritsi oterewa kuchokera kwa mabanja n'kuwalumikiza ndi odwala omwe akuwasowa. Umboni wamphamvu wakuti izi zikhoza kuchitika mosaika moyo pachiswe udachokera ku Netherlands. Zipatala zinayi kumeneko zinkapereka mapiritsi a khansa m'matumba omata okhala ndi kachipangizo kosonyeza ngati adakhala pa malo otentha kapena ozizira kupitirira muyezo. Otsala akabwerera, thumba lili chimatire ndipo kachipangizo kakusonyeza kuti zonse zili bwino, ankawaperekanso kwa wodwala wina. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu magazini ya JAMA Oncology, zidaonetsa kuti kutaya kudachepa ndi 68 peresenti.

Pali mankhwala omwe malamulowa sawakhudza n'komwe. Oyamba ndi a gulu lomwe boma lalikulu limaliyang'anira mwapadera chifukwa anthu amatha kuwazolowera ngati ozunguza bongo: morphine, oxycodone, mapiritsi ena ogonetsa ndi ochepetsa nkhawa. Lamulo la dziko lonse la 1970 silola kuti amenewa achoke kwa wodwala kupita kwa wina, ndipo chigawo sichingasinthe zimenezo. Poona momwe mankhwala a mtunduwu aphera anthu ku America, pano ndilibe chotsutsa. Achiwiri ndi omwe kampani imayenera kulemba wodwala aliyense m'kaundula asanawalandire, monga thalidomide ndi lenalidomide, omwe amapundula mwana m'mimba. Achitatu ndi ofuna firiji, ndipo apa ndi pomwe pamawawa. Mapulogalamu ambiri salandira insulini yochokera m'nyumba za anthu chifukwa palibe njira yodziwira ngati idakhala mozizira nthawi yonse.

Alec Smith, mnyamata wa ku Minneapolis, adamwalira mu Juni 2017 ali ndi zaka 26, pasanathe mwezi chichokereni pa inshuwalansi ya mayi ake. Insulini ndi zipangizo zake zinkafuna pafupifupi $1,300 pa mwezi, ndipo ankaigwiritsa ntchito pang'onopang'ono kuti ifike tsiku la malipiro. Nkhokwe ya mankhwala operekedwa sikadamupulumutsa. Chomwe chidasintha zinthu ku Minnesota ndi lamulo la 2020 lotchedwa dzina lake, lomwe limalola munthu yemwe insulini yamuthera kupeza ya masiku 30 pa mtengo wosapitirira $35, ndipo makampani opanga ndi omwe amasenza mtolo wake. Boma lalikulu nalo lidaika malire a $35 pa mwezi kwa omwe ali pa Medicare kuyambira 2023. Ndikutchula izi chifukwa pali chiyeso chakuti andale aloze pulogalamu ya mankhwala otsala n'kunena kuti osauka tawaganizira. Pulogalamuyi ikuthandiza anthu enieni, koma gwero la vuto ndi mtengo wa mankhwala, ndipo mtengowo sutsika chifukwa wina wapereka makadi a malemu agogo ake.

Palinso vuto lomwe ngakhale Iowa singalithetse. Nkhokwe yotere ili ngati kukunkha m'munda momwe eni ake akolola kale: wokunkha sasankha, amatola chomwe chatsala. Mwezi uno mankhwala a mphumu alipo ambiri, mwezi wa mawa palibe. Zomwe zimatsala m'nyumba za okalamba ndi za matenda a okalamba, pomwe wofuna thandizo mwina ndi mayi wa zaka 30 wodwala khunyu. Kwa munthu wa BP kapena wa matenda a maganizo, kumwa miyezi iwiri n'kulekeza wachitatu ndi ngozi payokha. Mapulogalamu anzeru amadziwa zimenezi, ndipo amagwiritsa ntchito mankhwala operekedwa ngati mlatho wowolotsera munthu pa nthawi yomwe ntchito yamuthera kapena akudikira inshuwalansi, kwinaku akumufunira njira yokhazikika.

Tsiku lotha mphamvu nalo limatayitsa zambiri zomwe sizikadayenera kutayidwa. Kuyambira 1986 FDA yakhala ikuyeza mankhwala osungidwa ndi asilikali a dzikolo, ndipo kafukufuku wa mu 2006 pa mitundu 122 adapeza kuti 88 peresenti ya magulu omwe adayezedwa adali amphamvu ndithu tsiku lolembedwa litadutsa, ambiri kwa zaka zingapo. Izi sizikutanthauza kuti munthu azimwa zakale za m'kabati mwake, poti a asilikaliwo amasungidwa mosamala ndipo amayezedwa. Koma zikusonyeza kuti lamulo lokana khadi chifukwa kwatsala miyezi isanu m'malo mwa isanu ndi umodzi likutaya mankhwala omwe wodwala akadamaliza m'masiku 30.

Funso lomwe limandivutitsa kwambiri ndi la ulemu. Kodi si kunyoza osauka kuwapatsa zomwe olemera sangalandire? Bungwe la WHO lidaganizapo kale. Malangizo ake a mu 1996 okhudza mankhwala a chithandizo, omwe adawakonzanso mu 1999 ndi 2010, amati pasakhale miyezo iwiri: chomwe sichiloledwa m'dziko lopereka chisatumizidwe kwina, ndipo mankhwala omwe adaperekedwa kale kwa wodwala n'kubwezedwa asakhale mphatso. Malangizowa adalembedwa ndi anthu omwe adaona zoopsa. Chivomerezi cha ku Armenia cha 1988 chitachitika, kudafika matani 5,000 a mankhwala ndi zipangizo, ndipo anthu 50 adatha miyezi 6 akungosankhula. Ku Bosnia, pakati pa 1992 ndi 1996, nthawi ya nkhondo ndi itangotha kumene, pafupifupi matani 17,000 a mankhwala a chithandizo adali osagwiritsika ntchito, ndipo kuwaononga kudayerekezedwa kuti kukadya $34 miliyoni. Britain nayo siperekanso mankhwala obwezedwa ndi odwala, ngakhale kafukufuku wa mu 2010 adayerekeza kuti ku England kumatayika mankhwala a ndalama pafupifupi £300 miliyoni pa chaka. Idangomasula pang'ono mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, m'nyumba za okalamba ndi zosamalira odwala kayakaya.

Ine ndikuona kuti zomwe zidachitika ku Bosnia ndi zomwe zikuchitika ku Iowa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Bosnia katundu ankafika wosaitanitsidwa, wosasankhulidwa, wolembedwa m'zilankhulo zomwe madokotala sankaziwerenga, ndipo ntchito yotaya idagwera olandira. Ku Iowa piritsi limaunikidwa lisanachoke, limapita kwa munthu yemwe dokotala wamulembera mankhwala omwewo, ndipo lokanidwa limatayidwa ndi nkhokwe. Piritsi la m'kathumba kosaboola ndi lomwelo lomwe lili pa shelefu ya famase. Komabe mfundo ya WHO ili ndi mano pa chinthu chimodzi: ngati mankhwalawa alidi abwino, bwanji malamulo ambiri a ku America amati ndi a osauka okha? Ku Netherlands kuja ankaperekedwa kwa wodwala aliyense wotsatira, wolemera kapena wosauka, ndipo umenewo ndiwo umboni weniweni wakuti opereka akuwakhulupirira. Kuika osowa patsogolo n'koyenera poti mankhwalawo ndi ochepa, koma muyezo wounikira uyenera kukhala woti katswiriyo angalole mayi ake omubereka kumwa.

Mfundo imeneyi ikukhudzanso abale athu okhala kunja omwe, mwa chikondi chenicheni, amatolera mapiritsi otsala n'kuwaika m'sutikesi ya wina wopita kumudzi. Botolo lotsegula kale, lolembedwa dzina la munthu wina, lopita kwa wodwala yemwe dokotala sadamuone, lili mbali ya Bosnia, osati ya Iowa. Mlingo womwe udayenera bambo wa ku Texas ukhoza kugwetsa mayi wa ku Dowa. Ndalama yogulira mankhwala omwe achipatala alemba imathandiza kuposa botololo.

Chomwe chikadachepetsa vuto lonse ndi kusatulutsa mankhwala ochuluka kuposa ofunika. Lamulo la zaumoyo la 2010, lomwe anthu amalitcha Obamacare, lidayesa zimenezi: kuyambira 2013 mafamase otumikira nyumba za okalamba pansi pa Medicare amayenera kupereka mapiritsi a maina a makampani, omwe ndi odula, okwanira masiku 14 kapena kucheperapo. Gogo akamwalira, zotsala zimakhala za sabata imodzi kapena ziwiri, osati za mwezi. Zipatala zina za khansa zimachitanso chimodzimodzi poyamba mankhwala atsopano, kupereka a theka la mwezi kaye kuti aone ngati thupi lawalandira. Imeneyi ndi njira yabwino kuposa kutolera, pakuti piritsi lomwe silidachoke ku famase silifuna wolisankhula. Koma imfa ndi kusintha kwa matenda sizipangana ndi kalendala, ndiye zotsala zidzakhalapobe.

Chigawo chomwe chikufunadi kuti lamulo lake ligwire ntchito chili ndi zoti chitengere. Chiike ndalama za nkhokwe imodzi yokhala ndi antchito olipidwa, monga idachitira Iowa. Chilole mankhwala kuwoloka malire, poti n'zopanda nzeru kuti bokosi lipse ku chigawo china pomwe nkhokwe ili mtunda wa maola awiri kutsidya. Ndipo ine ndingapite patsogolo kuposa pomwe malamulo ambiri afika: nyumba ya okalamba yomwe mankhwala ake adagulidwa ndi misonkho isaloledwe kuotcha khadi losaboola isanalipereke kaye ku nkhokwe. Bola ntchito ya namwino ikhale yongoponya m'bokosi, yomwe ndi yopepuka kuposa kukhala pansi n'kumaboola timatumba.

Kwa munthu yemwe ali ku America ndipo wasiyiridwa mankhwala ndi m'bale, choyamba ndi kusatsegula chilichonse chomwe chili chimatire, ndi kusachotsa mapiritsi pa khadi n'cholinga chowaika pamodzi. Akatero ndiye kuti awaononga onse. Awasunge pouma, posatentha. Kenako afunse ku bungwe loona za mafamase la chigawo chake, kapena kwa namwino wa chipatala chomwe chinkasamala wodwalayo, ngati kuli nkhokwe yolandira kuchokera kwa anthu wamba. SIRUM, SafeNetRx ndi RemediChain amalandiranso ena pa positi. Asachedwe, chifukwa mwezi uliwonse wodutsa ukuyandikiza tsiku lolembedwa lija. A gulu la morphine palibe nkhokwe yomwe ingawalandire. Amenewo malo ake ndi bokosi lotayiramo lomwe limapezeka m'mafamase ena ndi ku polisi, kapena tsiku lotolera lomwe bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la DEA limakonza kawiri pa chaka, mu Epulo ndi mu Okutobala.